Funsani Amakaniko: Namondwe Akubwera, Garaja Ndilibe

Bambo makaniko,
Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndimakhala nyumba ya lendi ku Manja mu Blantyre. Chaka chatha ndinagula Toyota Sienta pa ngongole, ndipo ngongoleyo ndikubwezabe. Panyumba pano palibe garaja. Galimoto imagona pabwalo, pakati pa mtengo wa mango ndi mpanda wa njerwa, ndipo kuseri kwa mpandawo kumadutsa ngalande. Nthawi ya namondwe wa Freddy ndinaona ndi maso anga magalimoto a anthu atakwiririka m'matope. Dzinja likayandikira tulo sindipeza. Alamu anga akuti ndigule lona lalikulu ndiziiphimba, komanso ndimate selotepi m'magalasi. Kodi zimenezi n'zokwanira?
Mayi wa nkhawa, Manja

Mayi, mwachita bwino kulemba nthawi idakalipo. Ambiri amandipeza galimoto ili kale pa bulekidauni, matope ali tho m'mipando.

Za garaja zisakuvuteni mtima. Garaja yomangidwa pamalo otsika imamiza galimoto ngati pabwalo pomwe, ndipo denga lake likakhala losalimba limagwera galimoto yomweyo. Chimene chimapulumutsa galimoto pa namondwe ndi malo amene mwaiimika, komanso nthawi imene mwaisunthira kumeneko. Ndiye ndikuuzeni mosabisa: pamene Sienta yanu ikugona pano pali adani atatu, mtengo, mpanda ndi ngalande. Lona silingaiteteze kwa mmodzi yemwe mwa atatuwa.

Namondwe amabadwira panyanja yamchere, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27, ndipo mphamvu zake amazitenga m'madzi ofundawo. Akangotera pamtunda mphepo yake imayamba kufooka. Freddy anatera kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Blantyre. Pofika kuno mphepo inali itachepako, koma mvula inagwa usana ndi usiku osakata. Anzathu a ku Beira, amene Idai anawaomba pamphumi mu Malichi 2019, amaopa kwambiri mphepo yosasula madenga. Ife kuno mdani wamkulu ndi madzi, ndi zonse zimene zimagwa nthaka ikakhuta madzi.

Ndiyambe ndi mpanda, chifukwa ndi umene anthu amaukhulupirira kwambiri. Munthu amaganiza kuti akaimika galimoto mogundiza mpanda ndiye kuti waibisa ku mphepo. Mipanda yambiri m'malokeshoni mwathu anaimanga ndi dothi pakati pa njerwa, simenti ili kunja kokha pa pulasitala, maziko osazama, ndiponso opanda mabowo otulutsira madzi kumunsi. Mvula ikagwa tsiku loyamba mpanda uli chiimire. Tsiku lachiwiri madzi adikha kuseri, dothi lija lasanduka phala. Lachitatu mpanda umagwa wonse nthawi imodzi, ndipo ukapeza galimoto umaphwanya denga, zitseko ndi magalasi a mbali yonse. Mawa m'mawa kauyendereni mpanda wanuwo. Yang'anani ming'alu yoyenda mopingasa, ndere zobiriwira kumunsi, pulasitala yofufuma imene imalira ngati mphako mukaigogoda ndi kiyi, ndipo muime kumapeto kwake muone ngati sunayambe kupendekeka. Ngakhale uoneke wabwino, lamulo langa ndi ili: mpanda ukakhala wotalika mamita 2, galimoto ikhale mamita 3 kapena kuposa kuchoka pamenepo.

Mtengo wa mango kawirikawiri suzuka, koma nthambi zake zikalemedwa ndi madzi zimakhadzuka, ndipo nthambi imodzi ndi yokwanira kuswa galasi lakutsogolo. Oopsa kuposa mango ndi bulugamu, jakaranda ndi keshya, amene amagwa ndi mizu yomwe nthaka ikafewa. Kambiranani ndi eni nyumba mvula isanayambe kuti nthambi zouma ndi zolendewera pamwamba pa bwalo zisadzidwe. Ngati zili pafupi ndi mawaya a magetsi, musatume mnyamata wa chikwanje, itanani a ESCOM.

Tsono ngalande. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mawu amenewa muwamve monga momwe alili. Pamene madzi anadutsa mu 2015 ndi pamene anadutsanso mu 2023, ndipo adzadutsanso pomwepo. Funsani aneba amene akhalitsa pamalopo kuti madzi a Freddy analekeza pati. Makoma ena angakhale adakali ndi mzere wofiirira wosonyeza msinkhu wa madziwo. Mzerewo ukakhala pamwamba pa theka la tayala la galimoto yanu, pabwalopo si pogoneka galimoto usiku wa namondwe. Ngalande yathu ya masiku ano imatsekekanso ndi mabotolo ndi majumbo, choncho imasefukira msanga kuposa kale. Itanani anzanu muikonze mu Novembala.

Palinso nkhani ina imene sindingaidumphe popeza mwati muli ku Manja. Inu mukudziwa kuposa ine zimene zinatsika m'phiri la Soche pa 13 Malichi 2023. Napolo akabwera ndi miyala yaikulu ngati nyumba, palibe luso la makaniko limene lingathandize. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno chifukwa cha Freddy. Ngati nyumba yanu ili m'njira ya madzi ochokera m'phirimo, ntchito ya Sienta tsiku limenelo ndi kunyamula inu ndi ana kupita kwina mvula isanakule. Mukatero mwapulumutsa zonse ziwiri.

Choncho ntchito yanu yaikulu, sabata ino, ndi kupeza malo ena ogoneka galimoto masiku a namondwe, ndi kupempheratu chilolezo. Ndinu mphunzitsi, yambani mwaona bwalo la kusukulu kwanu. Kapena kutchalitchi, kumzikiti, kuntchito kwa bambo a kunyumba, kwa wachibale. Malo abwino ndi okwera koma osakhala m'tsinde mwa phiri, athyathyathya, pamene madzi a mvula amachoka osati kusonkhana. Pansi pakhale simenti kapena miyala, chifukwa pa kapinga matayala amatitimira. Mukaima pamenepo tukulani maso muzungulire: pasakhale mtengo, polo ya magetsi, chikwangwani chachikulu, kapena thanki ya madzi yokhala pansanja. Kukhala pambali pa nyumba yolimba ya simenti kumathandiza kutchinga mphepo, koma onani denga lake. Denga limene malata ake anatsinjiza ndi miyala kapena matayala, litalikireni, lata louluka limadula ngati mpeni. Pakakhala mlonda, mudziwitseni, musiyireni nambala yanu ya foni ndi kangachepe ka tiyi.

Musadikire kuti muone kaye ngati mvula ikuladi. A Nthambi Yoona za Nyengo amachenjeza pa wailesi masiku angapo namondwe asanafike. Chenjezo loyamba likangomveka, thirani mafuta thanki idzaze, kenako kaisiyeni galimoto kumalo kuja msewu udakali wouma. Za mafutazi ndikunena chifukwa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuzima kwa magetsi kunatenga nthawi yaitali, ndipo misewu ikaduka mafuta nawonso amavuta kufika.

Alamu anu ali ndi mtima wabwino, koma pa selotepi sindigwirizana nawo. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, likasweka limagwirana lokha. A m'mbali anapangidwa kuti aziphwanyika tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo selotepi singaletse zimenezo. Mudzangotsala ndi ntchito yopala zomatira dzuwa likawomba. Lona nalo likakhala losamangidwa bwino limakupiza usiku wonse, n'kumakhula penti ndi mchenga umene uli pagalimoto. Ngati mukufuna kuphimba, tsukani galimoto kaye, yalani mabulangete akale, makatoni kapena kamatiresi kopyapyala pa galasi lakutsogolo, lakumbuyo ndi padenga, kenako lona pamwamba. Mangani ndi zingwe zodutsa pansi pa galimoto, zikokedwe zolimba gwa. Osatsinjiza ndi njerwa, mphepo ikanyamula lona njerwazo zimathera pagalasi. Kuphimba kotere kumateteza ku timitengo, matalala ndi tizinyalala touluka. Ku mpanda ndi ku madzi osefukira sikuteteza.

Pali kantchito kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Tsegulani boneti muyang'ane m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamene pamachokera mawaipa. Pali pulasitiki yakuda ya timabowo, ndipo pansi pake pali kangalande kotulutsa madzi a mvula m'mbali zonse ziwiri. Galimoto yogona pansi pa mango imadzaza masamba ndi maluwa pamenepo, n'kuwolerana kukhala manyowa. Kangalandeko kakatsekeka, madzi amalowera m'njira ya mpweya wa fani n'kutsikira kumapazi a wokhala kutsogolo, kumene kuli mawaya ndi mafyuzi. Munthu amadabwa kupeza kapeti ili noninoni chonsecho madzi sanasefukire. Chotsani zinyalalazo ndi dzanja, thirani ndowa ya madzi, muone ngati akutulukira pansi kuseri kwa matayala akutsogolo. Pansi pa chitseko chilichonse palinso timabowo totulutsa madzi, titokoseni ndi kawaya.

Posiya galimoto kwezani magalasi onse mpaka kumapeto, kokani handibuleki, ikani pa P kapena giya yoyamba, ndipo tsekerani matayala ndi miyala. Blue book, mapepala a inshulansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zisagone m'galimoto, zikhale nanu m'jumbo yomanga. Jambulani galimoto ndi foni mbali zonse, mkati ndi kunja, nambala ikuoneka. Ngati ikhala masiku angapo, masulani waya wa negetivi ku batire, kenako mukhome zitseko ndi kiyi wa pamanja poti rimoti sigwira.

Mvula ili mkati, musayende. Madzi othamanga akuya masentimita 30, osafika n'komwe m'mawondo, amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono ngati yanu. Akafika masentimita 60 amakokolola ngakhale pikapu. Mudi, Naperi ndi Nasolo ikadzaza, madzi amakhala ofiira, simungaone ngati mlatho ulipo kapena wapita. Kuona minibasi yawoloka si umboni woti inunso muwoloka. Ngati madzi akupezererani muli mkati, masulani lamba, tsitsani galasi magetsi asanazime, tulutsani ana kaye, nanu mutulukire pazenera n'kukwera padenga. Chitseko sichitseguka madzi akachikanikiza.

*

Achimwene,
Ndimayendetsa Probox ya takisi pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Sabata yatha madzi analowa pamene ndimaimika usiku, anafika mpaka pa mipando. Sindinailize. Anzanga pa siteji akuti tiikankhe ilire, injini ikatentha madzi auma okha. Ndiwamvere?
Dalaivala, Nchalo

Achimwene, musawamvere, ndipo kiyiyo muisunge kutali ndi aliyense wofuna kuyesa. Posailiza mwasunga kale ndalama zambiri.

Injini imakoka mpweya, pisitoni n'kuupanikiza. Mpweya umalola kupanikizidwa, madzi salola. Madzi odzaza kapu imodzi akakhala mu silinda, pisitoni ikakwera imagunda chinthu chosasuntha, ndipo chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti chimapindika, mwinanso kuthyoka n'kuboola buloko. Zimenezi zimachitika pa kutembenuza kiyi kamodzi kokha, ndipo kukankha n'chimodzimodzi. Galimoto yonyowa imakonzeka. Yopindika zitsulo imafuna injini ina.

Masulani batire. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya: fyuluta ikakhala yonyowa kapena mukapeza matope pansi pa bokosilo, dziwani kuti madzi afika pakhomo pa injini. Sololani kachitsulo koyezera oilo. Oilo akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena wakwera kupitirira mzere wa pamwamba, muli madzi. Ikokereni kwa makaniko, ndipo ngati ndi ya otomatiki matayala oyendetsa asagunde pansi pokoka. Makanikoyo achotse mapulagi onse, apukuse injini ndi sipanala pamanja, kenako ndi sitata mapulagi asanabwezeretsedwe, madzi atulukire m'mabowomo. Oilo wa injini ndi fyuluta yake zisinthidwe, galimoto ikayenda pang'ono zisinthidwenso. Oilo wa giyabokosi naye atayidwe, poti madzi amalowera pa kabowo kopumira. Mafuta a m'thanki aonedwe, mabuleki akumbuyo atsegulidwe achotsemo mchenga wa Shire.

Kumene amakaniko ena amachita ulesi ndi mkati. Madzi ofika pa mipando anyowetsa mawaya onse oyenda pansi pa kapeti, ndi kabokosi kolamulira ma airbag (matumba a mpweya ofufuma pangozi) kamene m'magalimoto ambiri kamakhala pansi chapakati. Mipando ituluke, kapeti ituluke, ndi thonje lokhuthala lija la pansi pa kapeti lituluke lichapidwe kapena litayidwe. Likasiyidwa limasunga madzi miyezi, pansi pa galimoto n'kuchita dzimbiri, fungo la nkhungu n'kuthawitsa makasitomala. Zolumikizira mawaya zimasulidwe chimodzichimodzi, zitsukidwe ndi mankhwala ake opopera, ziume. Mukadumpha zimenezi galimoto idzalira bwino lero, koma pakapita miyezi itatu idzayamba misala: magetsi a pa dashibodi kuyaka okha, magalasi kukana kutsika, kuzima pamsewu popanda chifukwa.

Povundukula zonsezi valani magolovesi ndipo musambe m'manja ndi sopo. Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Ndionjezepo mawu kwa eni Toyota Aqua ndi ma hybrid ena (magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi), poti achuluka m'misewu. Batire lalikulu la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndiye madzi ofika pa mipando alifikira kale. Osakhudza mawaya a mtundu wa olenji, osailiza, ndipo ipite kwa makaniko wodziwa za hybrid yekha.

*

Bambo makaniko,
Ndili ndi inshulansi ya third party. Mtengo ukagwera galimoto yanga nthawi ya mvula, andilipira?
Wowerenga, Zomba

Ayi bambo, sakulipirani. Third party, imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena ndi katundu wawo inu mukawawonongera. Galimoto yanu mulibemo. Yoteteza galimoto yanu ndi comprehensive, koma nayonso musaiganizire, pitani ku kampani yanu mukafunse kuti akuonetseni pamene palembedwa za madzi osefukira, mphepo yamkuntho, kugwa kwa mitengo ndi kugumuka kwa nthaka. Funsaninso ndalama imene inu mumayamba mwalipira nokha iwo asanaonjezere, ndi masiku amene amapereka kuti muwadziwitse ngozi ikachitika. Mayankho akhale olembedwa.

Zikachitika, jambulani galimoto ili pomwepo musanachotse nthambi kapena kuisuntha, mzere wa madzi uoneke, ndipo imbani foni tsiku lomwelo. Musayambe kukonzetsa woona za kuwonongeka asanabwere. Kampani ikhoza kukana kulipira injini imene yafa chifukwa mwini wake anailiza ili ndi madzi, kapena analowa nayo dala mumtsinje wodzaza. Mukaona kuti simunathandizidwe mwachilungamo, madandaulo a za inshulansi amapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani amenewa.

*

Malume,
Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Tampa, m'chigawo cha Florida ku America, ndipo ndimawerenga tsamba lanu pa intaneti. Ndimakhala m'fulati, galimoto imagona panja pafupi ndi nyanja. Malangizo anu a kumudzi angagwire ntchito kuno?
Mdzukulu wanu, Tampa

Mdzukulu, za mtengo, mpanda ndi kusailiza galimoto yonyowa n'zofanana. Kusiyana kulipo kuwiri. Inu namondwe amakupezani asanafooke, choncho mphepo yake imatha kugubuduza galimoto ndi kuulutsa zinthu zolemera. Chachiwiri, mphepoyo imakankhira nyanja kumtunda, monga anachitira namondwe wa Helene m'dera lanulo mu Seputembala 2024, namondwe wa Milton asanabwere mwezi wotsatira. Madzi amchere ndi oipa kuposa a Shire. Amadya mawaya ndi zitsulo ngakhale galimoto itauma, ndipo galimoto yomira m'madzi amenewa kawirikawiri a inshulansi amangoiwerengera kuti yatha. Ikakhala ya magetsi, batire lolowa mchere limatha kuyaka moto patapita masiku, ndiye yotereyo isaimikidwe pafupi ndi nyumba.

Mwayi wanu ndi woti muli ndi nyumba zosanja zoimikamo magalimoto. Fufuzani yapafupi ndi inu kapena ya kuchipatala kwanu, mufunsiretu ngati amalola kusiya galimoto nthawi ya namondwe. Kwerani nayo nsanjika yachitatu kapena kuposa, muimike chapakati kutali ndi mbali zotseguka, osati padenga penipeni komanso osati pansi. Nyengo ya anamondwe kumeneko imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo makampani a inshulansi amasiya kulandira anthu atsopano kapena kusintha mapepala namondwe akangolengezedwa, choncho comprehensive muikonze mu Meyi. Dziwaninso chilembo cha dera lanu pa mapu a boma osamutsira anthu. Akalengeza kuti dera lanu lisamuke, ngati simuli pa ntchito, nyamukani nthawi yomweyo thanki ili yodzaza, misewu ikuluikulu isanadzaze.